WOSINTHA TIMU SI YUDASI, WOIMBA RAP SI CHIGAWENGA

M'mabanja ambiri achikristu masiku ano muli milandu iwiri imene ikugamulidwa mofulumira, popanda mboni ndiponso popanda kumva mbali ya woimbidwa mlanduyo. Mlandu woyamba ndi wa katswiri wa mpira amene wasiya timu yake nakalowa timu ina. Ameneyu amatchedwa wadyera, wosayamika, mwinanso Yudasi amene. Mlandu wachiwiri ndi wa mnyamata wa m'nyumba momwemo, amene amadzitsekera m'kachipinda ndi anzake atatu kapena anayi, namapeka nyimbo za rap pa foni kapena pa kompyuta yobwereka. Ameneyu amatchedwa mlesi, wotaya nthawi, ndipo ena amafika ponena kuti wayamba njira ya uchigawenga.

Ife tikunena poyera kuti zigamulo ziwirizi n'zolakwika, ndiponso kuti kulakwa kwake kwaphuka pa muzu umodzi, ndiwo chizolowezi choyesa munthu ndi phindu limene iye akubweretsa. Katswiri amakondedwa nthawi yonse imene akusangalatsa anthu, ndipo tsiku limene waleka amatembereredwa. Mwana amayamikiridwa ngati zochita zake zikulonjeza ndalama, zikapanda kutero zimatchedwa zachabe. Maganizo otere sagwirizana ndi Mthenga Wabwino. Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tiyambe tapita ku United States of America, dziko limene lidabala mpira wa basketball ndi nyimbo za rap zomwe.

MNYAMATA WA KU AKRON

LeBron James adabadwa pa 30 December, 1984, mu mzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio. Mai wake adali ndi zaka 16 zokha, ndipo adamlera yekha mu umphawi waukulu. Awiriwa ankangokhalira kusamuka, kotero kuti ali m'kalasi lachinayi mwanayo adajomba kusukulu masiku 83. Adapulumukira m'banja la munthu wina wophunzitsa ana masewera, amene adamtenga kuti azikhala pakhomo pake. Akulu akale sadaname ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Itakwana nthawi yopita kusekondale, iye ndi anzake atatu amene ankasewera nawo chiyambire ubwana adapangana zosalekana, ndipo onse adakalowa sukulu ya Chikatolika ya St. Vincent-St. Mary mu mzinda womwewo.

M'chaka cha 2003 adalowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya dzikolo. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mnyamata wolowa kumene mu ligi imeneyi sasankha yekha timu. Matimu ndiwo amasankhana anyamata motsata ndondomeko, ndipo mnyamatayo amapita kumene dzina lake laitanidwa, afune asafune. LeBron adatengedwa ndi timu ya Cleveland Cavaliers, ya mu mzinda woyandikana ndi kwao. Adaisewerera zaka 7, ndipo kontrakiti yake adaikwaniritsa mpaka tsiku lomaliza.

Pa 8 July, 2010, adalengeza pa wailesi ya kanema, anthu pafupifupi mamiliyoni 10 akuonerera, kuti akupita ku timu ya Miami Heat. Usiku womwewo ena mwa ochemerera a ku Cleveland adatentha majezi a dzina lake m'misewu. Mwini timu, Dan Gilbert, adalemba kalata ya poyera yomunena kuti ndi wamantha ndi wachiwembu, ndipo kalatayo idali yaukali kotero kuti akuluakulu a ligi adamlipiritsa madola 100,000. Patapita zaka 6 zoterezi zidamgweranso Kevin Durant, pamene mu July 2016 adasiya Oklahoma City Thunder kupita ku Golden State Warriors. Iyeyu anthu adamtcha njoka.

KONTRAKITI SI CHIPANGANO

Tsono tifunse mosapsatira: kodi anyamata awiriwa adaphwanya lumbiro lanji? Yudasi adapereka munthu, mphunzitsi wake ndi bwenzi lake, mwamseri, chifukwa cha ndalama 30 zasiliva, ndipo mapeto ake adali imfa ya munthu wosalakwa. LeBron sadapereke munthu aliyense. Adagwira ntchito imene adalembedwa, nthawi yake idatha, ndipo adakafuna ntchito kwina. Kunena kuti lidali dyera la ndalama n'kusadziwa nkhani, pakuti ku Miami adavomera malipiro ocheperapo kuposa amene akadalandira, pofuna kusewera pamodzi ndi anzake Dwyane Wade ndi Chris Bosh. Dzina la Yudasi ndi lolemera, abale athu, ndipo mkristu sayenera kuliponya pa munthu monga mwana aponyera mwala pa galu wodutsa.

Chiphunzitso chathu chimasiyanitsa kontrakiti ndi chipangano. Kontrakiti ndi mgwirizano wa ntchito ndi malipiro, uli ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Chipangano ndi kudzipereka kwa munthu yense, monga pa ubatizo, pa ukwati woyera ndi pa unsembe, ndipo chimenechi sichitha ndi kalendala. Chodabwitsa m'masiku athu ano n'chakuti anthu atembenuza zinthu ziwirizi. Kontrakiti ya mpira akuilemekeza ngati sakramenti, pamene sakramenti la ukwati akuliyesa kontrakiti. Alipo abambo amene amakhala pa malo oonerera mpira mpaka pakati pa usiku, akutukwana wosewera wa kutsidya la nyanja kuti ndi wosakhulupirika, pamene akazi awo amene adalumbira nawo pa guwa sadaone malipiro awo chiyambire chaka, ndipo mbali ina ya tauni kuli kanyumba kena kamene abambowo amakadziwa bwino. Nanga pa awiriwa wosakhulupirika ndani?

Ndiponso tisaiwale zimene zimachitika pakati pathu pomwe. Mphunzitsi akapeza sukulu yolipira bwino amasamuka. Namwino akapeza mwayi ku Britain amanyamuka. Mmisiri akaona kuti kwathu sizikuyenda amakwera basi ya ku Johannesburg. Onsewa timawakonzera phwando lotsazikana, ndi kuwapempherera mu mphakati kuti ayende bwino. Koma wosewera mpira akachita chimodzimodzi, kaya ndi ku America, kaya ndi kwathu kuno pakati pa Bullets ndi Wanderers, amasanduka mdani wa anthu. Muyeso wa pawiri woterewu ndi wosalungama.

NANGA ENI MATIMU?

Amene amalalikira za kukhulupirika kwa osewera amakhala chete pa za eni matimu. Kevin Durant yemweyo, amene adatchedwa njoka, sadayambire ku Oklahoma City. M'chaka cha 2007 adatengedwa ndi timu ya Seattle SuperSonics, imene idakhala mu mzinda wa Seattle kuyambira 1967, nipatsa anthu a kumeneko chikho mu 1979. M'chaka cha 2008 eni ake atsopano adainyamula timu yonseyo, osewera ndi katundu yemwe, kupita nayo ku Oklahoma City. Munthu mmodzi kusiya mzinda akuti ndi chiwembu, koma timu yathunthu kusiya mzinda patatha zaka 41 akuti ndi malonda.

Mu April 2017 Isaiah Thomas wa timu ya Boston Celtics adataya mlongo wake pa ngozi ya galimoto. M'mawa mwake adalowa m'bwalo misozi ili m'maso nasewerera timu yake, ndipo adapitiriza kusewera mpaka adavulala m'chiuno. Mu August chaka chomwecho timuyo idamsinthanitsa ndi wosewera wina. Mu February 2025 timu ya Dallas Mavericks idatumiza Luka Dončić ku Los Angeles Lakers usiku, mwini wake osadziwa kanthu mpaka zonse zitatha. Umu ndi mmene msika umachitira ndi anthu ake.

Ufulu woti wosewera asankhe kokagwira ntchito kontrakiti yake ikatha sudagwe kuchokera kumwamba. Kale timu inkamgwira wosewera moyo wake wonse wa m'bwalo, pokhapokha iyo yokha itafuna kumgulitsa. M'chaka cha 1970 Oscar Robertson, amene adali mtsogoleri wa bungwe la osewera, adasumira ligi kubwalo la milandu, ndipo mlanduwo udatha mu 1976 ndi mgwirizano umene udatsekula khomo la ufulu umenewu. Ife Akatolika tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. M'chaka cha 1891, chaka chomwe James Naismith adayambitsa basketball ku Springfield, Apapa Leo XIII adalemba kalata yawo ya Rerum Novarum yodzudzula olemba ntchito amene amayesa antchito ngati zipangizo zopezera phindu. Mu 1981 Apapa John Paul II adabwereza chiphunzitsochi mu Laborem Exercens, natsimikiza kuti munthu wogwira ntchito ndi wamkulu kuposa chuma. Kuchuluka kwa malipiro sikumsandutsa munthu katundu. Ochemerera adagula tikiti ndi jezi, sadagule munthu.

KUCHOKA KULI NDI MWAMBO WAKE

Sitikunena kuti LeBron adachita zonse mwanzeru. Adali ndi ufulu wochoka, koma kachokedwe kake kadapweteka anthu popanda chifukwa. Kutsazika anthu amene adakukonda zaka 7 kudzera pa pulogalamu ya wailesi ya kanema, iwo akumvera pamodzi ndi dziko lonse, si ulemu, ngakhale kuti pulogalamuyo idapezetsa bungwe lothandiza ana madola oposa mamiliyoni 2. Makolo athu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Iye mwini adavomera pambuyo pake kuti akadachita mwa njira ina. Koma kupanda ulemu ndi tchimo lina, chiwembu ndi tchimo linanso, ndipo woweruza wolungama sasakaniza ziwirizi.

Zotsatira zake n'zimene zili ndi phunziro lalikulu kwa ife. Atapambana zikho ziwiri ku Miami, mu 2012 ndi 2013, LeBron adakumana ndi munthu uja adamlembera kalata yachipongwe, nakhululukirana, ndipo mu July 2014 adabwerera ku Cleveland. Mu June 2016 adatsogolera timuyo kutenga chikho, chimene chidali choyamba cha mzindawo pa masewera akuluakulu patatha zaka 52. Amene adatentha jezi adagula ina. Mu 2018 adachokanso kupita ku Los Angeles Lakers, koma mwezi womwewo wa July adatsekulira sukulu ya I Promise ku Akron, yothandiza ana otsalira pa maphunziro monga adaliri iye mwini. Mu 2013 adakwatira mtsikana amene adadziwana naye ali kusekondale, ndipo anzake a paubwana adawasunga pafupi mpaka kuwapatsa udindo woyendetsa ntchito zake. Sitikumlemba m'gulu la oyera, pakuti za mumtima amadziwa ndi Mulungu yekha. Tikungoonetsa kuti munthu amene pofika 2018 adali atasintha timu katatu sadasinthe mzinda wa kwao kapena abwenzi ake. Kukhulupirika kwenikweni kumalunjika kwa anthu, osati kwa nsalu yolembedwa nambala kumbuyo.

NYIMBO IMENE SIDAGULITSIDWE

Pali kankhani kena kakang'ono kokhudza anyamata awiri omwewa, kamene kakutifikitsa pa mlandu wathu wachiwiri. M'chaka cha 2011 eni matimu ndi osewera adasemphana pa za malipiro, ndipo ligi idatsekedwa masiku 161, kuyambira July mpaka December. M'nthawi imeneyo Kevin Durant adapita ku Ohio kukachita masewera olimbitsa thupi pamodzi ndi LeBron. Tsiku lina awiriwa adalowa mu situdiyo najambula nyimbo ya rap. Sadaigulitse, sadaitumize ku wailesi, ndipo idakhala yosamveka poyera kwa zaka zingapo. Anthu awiri amene mphindi iliyonse ya moyo wawo idali ndi mtengo wake pamsika, atapeza mpata, adachita chinthu chopanda phindu la ndalama, chifukwa chongokondwa kukhala pamodzi. Chaka chotsatira, mu 2012, adakumana pa masewera omaliza a chikho ngati opikisana, koma ubwenzi wawo sudathe.

Chimenechi n'chomwe ana athu akuchita ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi m'madera ena ambiri. Amasonkha tindalama togulira chojambulira mawu chotsika mtengo, amakhoma mabulangete pa zipupa kuti mawu asabwerere, wina amakonza kugunda kwa ng'oma pa kompyuta, enawo amalemba mawu kumapeto kwa kope la masamu. Ambiri mwa iwo sadzatchuka, ndipo nyimbo zawo zidzamvedwa ndi anthu osapitirira 20. Makolo ena akamva izi amati ndiye bwanji kutaya nthawi. Ife tikuti pomwepo ndiye pali ubwino wake. M'dziko limene chilichonse chaikidwa mtengo, ana amene akuchita chinthu chifukwa chochikonda ndi chifukwa chokondana asunga chuma chimene akulu ambiri adataya kalekale.

KUMENE RAP IDABADWIRA

Amene amati rap idabadwira mu uchigawenga sadziwa mbiri yake. Pa 11 August, 1973, m'dera la Bronx mu mzinda wa New York, mtsikana wina dzina lake Cindy Campbell adakonza phwando m'chipinda chochezera cha nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue, pofuna kupeza ndalama zogulira zovala za kusukulu. Atsikana ankalowa ndi masenti 25, anyamata masenti 50. Woimbitsa malekodi adali mlongo wake Clive, wobadwira ku Jamaica, wodziwika ndi dzina loti DJ Kool Herc. Iyeyu adazindikira kuti ovina amakonda kwambiri chigawo cha nyimbo chimene mumatsala ng'oma zokha, ndipo adapeza njira yochibwerezabwereza pogwiritsa ntchito malekodi awiri ofanana. Pamwamba pa ng'omazo mnzake ankalankhula pa chokuzira mawu, kutchula maina a abwenzi awo ndi kuwaseka mwa nthabwala. Tsiku limeneli ndilo ambiri amaliwerenga ngati chiyambi cha hip hop.

Bronx ya masiku amenewo idali dera la umphawi, nyumba zinkapsa, ntchito zidali zosowa, ndipo magulu a anyamata ankamenyana m'misewu. Ana amene adalibe ndalama zogulira gitala kapena lipenga adapanga nyimbo ndi zimene adali nazo: malekodi akale a makolo awo ndi pakamwa pawo. Lekodi yoyamba ya rap kutchuka pa dziko lonse, Rapper's Delight, idatuluka mu 1979, patatha zaka 6 ana akuimba m'zipinda ndi m'mabwalo popanda kampani iliyonse. Motero rap ya abwenzi, yopanda malonda, ndiyo yoyamba ndi yeniyeni. Ya pamsika idabwera pambuyo.

Ndipo kodi kulankhula zakukhosi pamwamba pa kugunda kwa chinthu n'kwachilendo kwa ife? Agogo athu aakazi ankaimba pamtondo, munsi ukugunda, ndipo m'nyimbo zimenezo ankatchula ulesi wa amuna awo, nkhanza za apongozi ndi njala ya pakhomo, zinthu zimene sakadazinena pamaso. Mwamuna wanzeru ankatchera khutu nakonza khalidwe lake, wopusa ankangoti akazi akusokosa. Mnyamata wa lero alibe mtondo. Ali ndi kope ndi foni. M'mizere imene akulembayo muli mantha ake a mayeso, mkwiyo wake pa kusowa kwa ntchito, chisoni cha maliro a mnzake, mwinanso funso limene akulephera kufunsa bambo wake maso ndi maso. Kholo limene limangomva phokoso lataya mwayi womva mtima wa mwana wake.

ZOIPA ZILIPO, SITIKUKANA

Wina adzati: Abambo, kodi simudamve zotukwana zimene zili m'nyimbozi? Tidamva, ndipo sitikuziikira kumbuyo. Pali rap yambiri yonyoza akazi, yotamanda chamba, mfuti ndi ndalama. Mpikisano wa mawu udafika pokhetsa magazi: Tupac Shakur adawomberedwa ku Las Vegas mu September 1996 ali ndi zaka 25, ndipo The Notorious B.I.G. adaphedwa ku Los Angeles mu March 1997 ali ndi zaka 24. Mwana amene akulemba mawu onyoza atsikana ayenera kudzudzulidwa mwamphamvu, pakuti mtsikana aliyense ndi chifaniziro cha Mulungu, ndipo zotuluka m'kamwa zimaulula za mumtima.

Koma taonani, kuti mudzudzule mawu muyenera kuyamba mwawamva. Amene waletsa zonse osamva kanthu sadaongole chilichonse, wangosamutsa situdiyo kuchoka pakhomo pake kupita kuseri kwa malo omwera mowa, kumene kulibe wamkulu wofunsa. Ndiponso zonyansa zambiri m'nyimbozi zimakula chifukwa zimagulika. Msika umene umasinthanitsa osewera usiku ndi womwewo umene umauza woimba kuti akatukwana adzagulitsa zambiri. Mwana amene akuimba ndi anzake popanda kufuna ndalama ali kutali ndi msampha umenewu kuposa mwana amene makolo ake amuuza kuti adzamlola kuimba pokhapokha nyimbozo zibweretse chuma.

Wina adzatinso: nanga sukulu? Funso limeneli ndi loyenera. Sukulu ikhale patsogolo, ntchito za pakhomo zigwiridwe, ndipo nyimbo zikhale ndi nthawi yake. Kuika malire ndi udindo wa kholo. Komabe tisaganize kuti kupeka rap ndi ulesi. Mwana amawerenga maphatikizo a mawu, amafufuza mawu omveka mofanana, amafufuta ndi kulembanso, amaloweza, amadikira nthawi yake yolankhula, ndipo amapirira anzake akamuuza kuti mzere wake ndi wofooka. Aphunzitsi a Chichewa amavutika chaka chathunthu kuti ana achite zomwezi m'kalasi. Ena amaopa kuti mwina tikufuna kulowetsa rap m'Misa. Iyayi. Nsembe ya Misa ili ndi nyimbo zake ndi malamulo ake, amene ali m'manja mwa Aepiskopi. Ife tikunena za pakhomo, za m'holo ya parishi ndi za Loweruka masana.

EKLEZIA AKUMBUKIRE ANA AKE

Kukayikira zokonda za achinyamata si mwambo wa Eklezia. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti mzimu wa munthu umatopa monga thupi, ndipo kuti umapumula ndi masewera ndi nthabwala zoyenera. Adafika ponena kuti munthu wokana chisangalalo chilichonse, amene amalemetsa anzake ndi nkhope yake yokwinya, nayenso ndi wolakwa. John Bosco Woyera ali mnyamata adaphunzira kuyenda pa chingwe ndi masewera ena odabwitsa kuti akope anzake, ndipo akasonkhana ankapemphera nawo. Atayamba ntchito yake pakati pa ana osauka a ku Turin mu 1841, adawapatsa bwalo losewerera ndi gulu la zoimbira. Akuluakulu ena a nthawi yake adamuyesa wamisala. Lero Eklezia amamutcha tate ndi mphunzitsi wa achinyamata. M'Malembo Oyera timawerenga za mfumu Davide amene adavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa Bokosi la Chipangano, ndi za Mikala amene adamsuzumira pa zenera namnyoza mumtima mwake. Pa awiriwa Malembo sayamikira wa pa zenerayo.

Kwathu konkuno tili ndi umboni. Idalipo nthawi imene ng'oma siinkaloledwa m'tchalitchi, poganiza kuti ndi ya kumowa ndi ya kudambwe. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udalemekeza nyimbo za mitundu ya anthu, ndipo lero palibe amene amadabwa kumva ng'oma pa nthawi ya zopereka. Ku Balaka, m'chaka cha 1978, anyamata okonda kuimba adapeza wansembe wowakhulupirira, Bambo Mario Pacifici, ndipo padabadwa Alleluya Band, imene idatulutsa Paul Banda ndi Lucius Banda. Akadapezeka munthu wowathamangitsa anyamata amenewo kuti akusokosa pa parishi, dziko la Malawi likadataya zambiri. Nanga ndani angatsimikize kuti m'kachipinda kaja ka mabulangete mulibe mphatso yonga imeneyi? Ndipo ngakhale mutakhala kuti mulibe, anawo ndi athu ndithu.

CHOYENERA KUCHITA

Kwa inu makolo, pempho lathu ndi losavuta. Gogodani pa chitseko chija, khalani pansi, ndipo muuze mwana wanu kuti akuimbireni zimene walemba. Mverani mpaka kumapeto musanayankhe. Chabwino chiyamikireni ndi dzina lake, choipa chidzudzuleni ndi chifukwa chake. Dziwani maina a anzake ndi makolo awo, ndipo tsiku lina muwaphikire nsima. Musamufunse kuti nyimbozi zidzabweretsa ndalama zingati, monganso simufunsa kuti kwaya ya parishi imapindula zingati. Kuongola mtengo mpoyamba, koma woongola amayenera kuugwira mtengowo ndi manja ake, saongola ataima patali.

Kwa inu a khonsolo ya parishi ndi atsogoleri a miphakati, holo imene imakhala yotseka kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ingathe kutsekulidwa masana amodzi pa sabata, pakhale munthu wamkulu mmodzi wokhwima maganizo woyang'anira. Mtengo wake ndi magetsi ochepa chabe. Mtengo wa kutaya ana amenewa ndi waukulu koposa.

Kwa inu achinyamata, musanyengedwe ndi kuwala kwa akatswiri. Mudzasintha sukulu, ntchito ndi malo okhala, ndipo palibe tchimo m'menemo, malinga mukwaniritse zimene mudalonjeza ndi kutsazika mwaulemu. Koma mnzanu amene mudagawana naye chojambulira mawu chimodzi musadzamtaye tsiku limene zanu zayenda. Mawu amene mukulemba akhale oti mungathe kuwaimba amai anu ali pomwepo.

Ndipo kwa ife tonse, tiyeni tisunge mawu akuti kusakhulupirika kuti tiwagwiritse ntchito pamalo pake: pa lumbiro la ukwati lophwanyidwa, pa malonjezo a ubatizo oiwalika, pa mwana wosiyidwa yekha m'nyumba yodzaza anthu. Pa tsiku lomaliza Ambuye Yezu sadzafunsa timu imene tinkachemerera kapena wosewera amene tidamkwiyira. Adzafunsa za anthu amene adawaika m'manja mwathu, ndipo woyamba mwa iwo ndi mwana uja ali kuseri kwa chitseko ndi kope lake.